Mayina atatu, chulu chimodzi

Amalume anga amasoka zovala ku Fordsburg, mu mzinda wa Johannesburg, kuseri kwa shopu ina yogulitsa nsalu. Amakhala pa makina kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'kadirowa momwe matelala anzawo amasungamo singano ndi choko, iwo amasungamonso timapepala ta Grand-Pa. Mutu ukangowayamba, amafunyulula kapepala kamodzi, kukweza chibwano, kukhuthulira ufawo pa lilime, n'kutsirira ndi Coke. Nkhope imachita makwinya kamphindi chifukwa cha kuwawa, kenako phazi labwerera pa chopondera, makina ayambanso kulira.

Ine ku Joni kuno ndinabwera ndi sukulu. Chemistry ndinaiphunzira ku Zomba, ndinagwirako choko pa sekondale ina zaka ziwiri, kenako mwayi unapezeka wodzapitiriza maphunziro ku Johannesburg. Lamlungu lililonse ndimakwera taxi kupita ku Mayfair komwe amalume amachita lendi chipinda, chifukwa iwo ndi amene ali ndi mnzawo woyendetsa katundu yemwe amawabweretsera ufa woyera ndi usipa wa kumudzi. Tsiku lina tikusamba m'manja anandifunsa funso lomwe ankaoneka kuti alisunga nthawi yaitali.

"Kodi mphwanga, kusukulu kwakoko umapanga chiyani kwenikweni? Mayi ako akandifunsa pa foni ndimangoti ali mkati mwa udokotala."

"Si udokotala wa jakisoni, amalume."

"Nanga wa chiyani?"

"Ndimapukuta khala."

Anaseka mpaka kutsamwa, koma sindinawanamize. M'mawa uliwonse mu labotale ndimayamba ndi kandodo kapulasitiki kotalika ngati bolopeni. Kunsonga kwake kuli kadontho kakuda konyezimira, mamilimita atatu basi m'mimba mwake. Ndi khala ndithu, koma lophikidwa pa moto waukulu mpaka kulimba ngati galasi. Timakatcha electrode. Ndimathira ufa woyera wa alumina pa kansalu, kudonthezapo madzi, n'kumakhuza kadonthoko moyendetsa dzanja ngati ndikulemba 8, kulemba 8, kulemba 8, mpaka nditaonamo getsi la kudenga ngati pa kalilole. Ukachita ulesi pamenepa, tsiku lonse lapita. Anzanga a ku Limpopo ndi ku Nigeria omwe timagwira nawo ntchito amanena kuti mtima wa munthu umaoneka pa momwe amapukutira electrode, ndipo ine ndinatchuka ndi kufulumira.

Ikayera, imalowa m'kakapu kagalasi momwe muli madzi amchere a phosphate, omwe timawakonza kuti asakhale owawasa kapena a chidulo, pH yake 7, pafupi ndi ya magazi a munthu. Mkakapumo mumalowanso ndodo zina ziwiri. Ina ndi kawaya ka platinum kothandiza kuti magetsi azungulire. Inayo ndi ya siliva, ndipo ntchito yake ndi kungoima chilili osasintha, kuti tikamati mphamvu yakwera tidziwe kuti yakwera kuchokera pati. Mawaya a zitatuzi amapita ku kabokosi kotchedwa potentiostat, kabokosiko n'kulumikizana ndi kompyuta.

Ndiye ndimadontheza paracetamol mkakapu muja. Kwa amene dzinali akulimva koyamba, ndi mankhwala omwe ali mkati mwa chomwe tonse kumudzi timangochitcha panado. Kabokosi kaja kamayamba kukweza mphamvu ya magetsi pa kadontho kakuda pang'onopang'ono, ngati munthu wokoka chingwe mosamala. Poyamba pa kompyuta pamangoyenda mzere wogona. Mphamvu ikayandikira theka la volt, lomwe ndi gawo laling'ono la mphamvu ya batire ya mu tochi, paracetamol yemwe wakhudza khala lija amalephera kugwiritsa, amataya ma electron awiri. Ma electron ndi tinthu tomwe kuyenda kwake mu waya ndi komwe timakutcha magetsi. Akamatayidwa ochuluka nthawi imodzi, mzere uja umadzuka, kukwera, n'kutsikanso. Pa kompyuta pamatsala chulu.

Ntchito yonse yagona pa chuluchi. Malo omwe chamera amakuuza kuti walowa mkapu ndi ndani, chifukwa mankhwala aliwonse ali ndi mphamvu yakeyake yomwe amagonjerapo. Msinkhu wake umakuuza kuti alimo wochuluka bwanji. Ukayamba wayeza milingo yomwe ukuidziwa kale, pang'ono, pakatikati, wambiri, umapeza muyeso, ndipo madzi achilendo akabwera umangoyerekeza chulu chake ndi muyesowo. Zonsezi zimatha mphindi imodzi isanakwane. Makina akuluakulu a HPLC, omwe ndiwo amadaliridwa poyeza mankhwala m'mafakitale ndi m'mabungwe a boma, amalondola kwambiri kuposa ife, izo sindikana. Koma amadula ngati galimoto yatsopano, amamwa mankhwala osungunulira okwera mtengo, ndipo sungawanyamule kupita nawo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi.

Pali chinthu chimodzi chomwe mpaka lero chimandichititsa nthumanzi ndikamayang'ana chulu chija. Paracetamol akataya ma electron awiri aja amasanduka chinthu china chotchedwa NAPQI. Chimenechi ndi chomwechonso chimene chiwindi cha munthu chimapanga. Ukamwa panado, gawo lalikulu chiwindi chimalimanga bwinobwino n'kulitumiza ku mkodzo, koma kagawo kakang'ono kamasanduka NAPQI, yemwe ndi poizoni. Thupi lili ndi mlonda wake wotchedwa glutathione amene amamugwira poizoniyu asanaononge kanthu. Ukamwa muyeso woyenera, mlonda amakwanitsa. Ukapyola, mlonda amatha, ndipo poizoni amayamba kudya chiwindi chomwe chamupangacho. Choopsa n'chakuti tsiku loyamba munthu amatha kungomva nseru pang'ono, kapena osamva kanthu. Maso akamadzachita chikasu patapita masiku awiri kapena atatu, madzi afika kale m'khosi. Mankhwala opulumutsa alipo, N-acetylcysteine, koma amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola asanu ndi atatu asanadutse. N'chifukwa chake madokotala amafuna kudziwa msanga kuchuluka kwa paracetamol m'magazi. Choncho ine ndikamakweza mphamvu pa khala langa, ndimakhala ndikuchita mkapu zomwe chiwindi cha amalume chimachita mwakachetechete iwo ali pa makina.

Zikanakhala kuti nkhani ikuthera apa, bwenzi ndilibe chophunzira zaka zonsezi. Vuto ndi lakuti khala lopanda kanthu lili ngati khutu pa msika wa Limbe: limamva aliyense. M'magazi ndi mu mkodzo muli vitamin C, muli uric acid, muli zina zambirimbiri, ndipo zingapo mwa izo zimataya ma electron pafupi ndi pomwe paracetamol amatayira ake. Chulu cha uyu chimagundana ndi cha uyo mpaka kusanduka chimtumbira chimodzi chosadziwika mwini. Kuonjezera apo, zotsalira za mankhwala zimamatirira pa khala. Ukayeza kachiwiri chulu chafupika, kachitatu chafupikanso, osati chifukwa mankhwala achepa koma chifukwa electrode yachita khungu.

Apa ndi pomwe timaiveka. Ndinawafotokozera choncho amalume, poti iwo za kuveka anthu amazidziwa. Timatenga ufa wakuda wa timachubu ta khala, toonda kwambiri moti tsitsi la munthu ndi mtengo wa mlambe poyerekeza nato, tomwe Sumio Iijima wa ku Japan anatifotokoza mu 1991. Kapena timatenga graphene, khala lopyapyala mpaka kufika pa atomu imodzi, lomwe Andre Geim ndi Konstantin Novoselov analisenda ndi selotepi ku Manchester mu 2004 n'kudzalandira nalo mphoto ya Nobel mu 2010. Magalamu ochepa chabe a graphene, atayalidwa bwinobwino, akhoza kukuta bwalo la mpira. Timasungunula ufawu, kutapa kadontho kochepera msozi, kukaika pa khala lopukutidwa lija, n'kudikira kaume. Kadontho ka mamilimita atatu kaja tsopano kali ndi makwinya, mapanga ndi tinjira tosawerengeka. Malo ofikirapo mankhwala achuluka, chulu chikutalika, ndipo ma electron akudumpha mosavuta moti vitamin C amagonja msanga, chulu chake n'kusunthira kumanzere, kumusiya paracetamol payekha.

Malaya ena ndi a ulonda. Pali kachikopa kotchedwa Nafion komwe kamakankha vitamin C ndi uric acid chifukwa mphamvu yawo ya magetsi ndi yofanana ndi yake, pomwe paracetamol, yemwe m'madzi a pH 7 sakhala mbali iliyonse, amadutsa. Koma njira yomwe imandisangalatsa kuposa zonse ndi ya chikombole. Umaumba kapulasitiki kopyapyala pa electrode paracetamol ali momwemo, kenako n'kumutsuka kumuchotsa. Pamatsala timaenje tokhala ndi maonekedwe ake enieni, monga chikombole cha njerwa chimasungira maonekedwe a njerwa. Wina akabwera sakwanamo.

Ndipo pali golide. Ndikati golide musaganize za ndolo. Ukawiritsa mchere wa golide n'kuthiramo citrate, wachibale wa chomwe chimawawasitsa mandimu, madzi achikasu amayamba ayera, kenako kuda, kenako n'kufiira ngati Sobo wa cherry plum. Kufiirako ndi golide weniweni, wogawika tizidutswa tating'onoting'ono moti sangaonekenso wachikasu. Njirayi ndi ya John Turkevich ndi anzake, ya mu 1951, ndipo mpaka lero mwana aliyense wa labotale amayambira pomwepo. Ku Mintek, bungwe lofufuza za miyala ya m'migodi ku Randburg, akhala zaka zambiri akufufuza ntchito za golide wamtunduwu. Tsiku lomwe ndinawiritsa wanga koyamba ndinakhala kaye phee, botolo lili m'manja. Mzinda uno unamera chifukwa cha golide yemwe anapezeka ku Langlaagte mu 1886. Agogo anga aamuna, bambo wa amalume omwewa, anabwera kuno ndi Wenela, kukalowa pansi kukaswa miyala, ndipo anabwerera ndi njinga, jekete ndi chifuwa chomwe sichinawasiye. Golideyo sanamuonepo ndi maso. Mdzukulu wawo akumudontheza pa khala kuti amve panado. Khala lenilenilo nalo tili nalo kwathu: ku Kasiya ndi ku Malingunde, m'boma la Lilongwe, pansi pali graphite wambiri, yemwe ndi mtima wa pensulo komanso kholo la graphene. Anthu ena amayezadi mankhwala ndi mtima wa pensulo wamba, ndipo umagwira.

Luso lenilenili si la dzulo. Jaroslav Heyrovský wa ku Prague anayamba kuzindikira mankhwala ndi magetsi mu 1922 pogwiritsa ntchito madontho a mercury, ndipo Nobel wake analandira mu 1959. Ralph Adams anabweretsa electrode ya phala la khala mu 1958. Zoveka malaya zinakula m'ma 1970, Royce Murray ali m'gulu la otsogolera. Kuno ku South Africa aliyense wa ntchitoyi amadziwa dzina la Tebello Nyokong wa ku Rhodes University, mayi wobadwira ku Lesotho yemwe ali mwana ankaweta nkhosa, ndi la Emmanuel Iwuoha yemwe anayambitsa SensorLab ku University of the Western Cape.

Tibwerere ku Mayfair. M'nyengo yozizira, cha mu Julayi, ndinawapeza amalume tsaya litatupa. Dzino la kumapeto linali litawagwira sabata yathunthu, chimfine chilinso pomwepo, koma kunali maoda a madiresi a ukwati, ndiye zopita kuchipatala kukakhala pa mzere tsiku lonse sankafuna n'komwe kuzimva. Pa tebulo panali zinthu zitatu: timapepala ta ufa wawo uja, mibulu ya panado, ndi timapaketi ta mankhwala a chimfine osungunula m'madzi otentha, tomwe mnzawo wa ku Mangochi anawapatsa.

"Mukumwa zonsezi?"

"Chilichonse chili ndi ntchito yake. Uwu ndi wa mutu, awa ndi a dzino, awa ndi a chimfine. Ukufuna ndimwe wa mutu pa dzino?"

Ndinawafunsa za dzulo lake. Ufa anamwa kanayi. Panado awiriawiri, katatu. Wa chimfine kamodzi pogona. Ndinatembenuza timapaketi n'kuwerenga, chifukwa zonse zimalembedwa, kungoti ndi tizilembo tofuna magalasi komanso m'Chingerezi cha ku pharmacy. Kapepala kamodzi ka ufa kali ndi mamiligalamu 324 a paracetamol, pamodzi ndi aspirin ndi caffeine. Kanayi ndi 1,296. Mbulu umodzi wa panado ndi 500, isanu ndi umodzi ndi 3,000. Tafika kale pa 4,296, wa chimfine tisanamuwerengere, ndipo nayenso pa paketi pake panalembedwa paracetamol. Malire a munthu wamkulu pa tsiku ndi 4,000, ndipo kwa munthu amene sakudya bwino kapena womwa mowa ngoziyo imayandikira, poti mlonda uja amakhala wachepa kale. Amalume sakumwa mowa, koma ndi dzino lotero nsima ankangoinyambita. Osaiwalanso aspirin kanayi pa tsiku m'mimba yopanda kanthu, yemwe amakanda chifu mpaka zilonda.

Ndinawauza zonsezi. Anandimvetsera mwaulemu womwe akuluakulu amamvetsera nawo mwana wophunzira, ulemu wosonyeza kuti palibe chomwe chalowa.

"Mphwanga, ufa ndi ufa, mbulu ndi mbulu. Kulawa kwake n'kosiyana, mtengo wake n'ngosiyana. Ukuti anthu onsewa amapanga chinthu chimodzi?"

Ndinawaumiriza kuti tsikulo asamwenso china chilichonse ndipo m'mawa apite ku kiliniki akanene zonse zomwe amwa. Anapita, monyinyirika, ndipo mwamwayi anapezeka bwino. Koma mtsutso wathu unali usanathe. Ndinatenga chimodzichimodzi mwa zitatu zija n'kuika m'thumba.

Lachisanu madzulo, anthu atapita, ndinapera mbulu mu kamtondo ka labotale, ndinasungunula zonse zitatu, chilichonse m'botolo lake, n'kusefa. Electrode ndinaipukuta modekha kuposa masiku onse. Mbulu wa panado: chulu chinamera pamalo pake. Ndinatsuka, n'kuika wa chimfine: chulu pomwepo, ndi kena kakang'ono kumanzere, ka vitamin C yemwe amathiramo. Ufa wa amalume: pomwepo ndithu. Caffeine wake amafuna mphamvu yoposa volt imodzi kuti agonje, ndiye sindinamufikire, ndipo aspirin saoneka bwino pokhapokha utayamba wamuphwanya. Ndinasanjikiza mizere itatuyo pa chithunzi chimodzi, wofiira, wobiriwira, wakuda, n'kujambula ndi foni.

Lamlungu tsaya linali litaphwa, dzino atalichotsa. Ndinawapatsa foni. Anavala magalasi awo osokera, kuyang'ana, kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.

"Wofiirayu ndi uti?"

"Ufa wanu."

"Wakudayu?"

"Panado."

"Ndiye akwera phiri limodzi."

"Eya."

Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye kuti ndakhala ndikulipira munthu mmodzi katatu, iye akungosintha malaya." Chomwe chinawapweteka kwambiri sichinali chiwindi ayi, koma ma rand.

Ndikanakonda nkhani ya ntchito yanga ikanakhala yokoma chonchi masiku onse. Mbulu wa mankhwala ndi mayeso a sitandade 1: mankhwala ndi ambiri, zosokoneza ndi zochepa. Magazi ndi ovutirapo, koma muyeso wake ndi waukulu ndithu. Munthu womwa moyenera amakhala ndi mamiligalamu 10 mpaka 20 pa lita, ndipo m'mayiko ambiri dokotala amayamba kupereka mankhwala opulumutsa aja akapeza 150 patatha maola anayi. Digiri yanga ili pa chinthu china chovuta kwambiri: madzi a mu mtsinje.

Zomwe timamwa sizithera m'thupi. Zimatuluka ndi mkodzo, zina zimatayidwa m'chimbudzi zikatha ntchito, ndipo zonse zimatsata mipope ya suweji. Malo oyeretsera suweji amamugwira bwino paracetamol, koma diclofenac, yemwe ali m'mapiritsi ndi m'mafuta opaka a msana ndi mawondo, wambiri amadutsa. Pomwe mipope yaphulika, zonse zimangolowa mu mtsinje zosasefedwa. Johannesburg anakhala pa msana wa phiri. Mvula yogwa kumpoto imatsata Jukskei, yemwe amayambira pansi pa mzinda cha ku Ellis Park, kudutsa Alexandra, kukalowa mu Crocodile mpaka ku damu la Hartbeespoort. Yogwa kumwera imatsata Klip kudzera ku Soweto mpaka ku Vaal. Ofufuza apezamo ibuprofen, diclofenac ndi anzawo m'mitsinje ya dziko lino. Muyeso wake umakhala wa ma microgram pa lita kapena kucheperapo. Kuti mumvetse, microgram imodzi pa lita ili ngati mibulu isanu ya panado yosungunulidwa mu dziwe losambiramo la mpikisano wa Olympic.

Wina anganene kuti kachepechepe kotero kangaphe ndani. Funso limeneli amaliyankha bwino ndi miimba ya ku India. M'ma 1990 miimba kumeneko inayamba kugwa m'mitengo, ndipo mitundu ina inatha kupitirira 95 pa 100 iliyonse. Mu 2004 zinadziwika kuti wakupha anali diclofenac yemwe alimi ankabaya ng'ombe zodwala. Ng'ombe ikafa, muimba n'kudya nyamayo, impso zake zinkaima. India, Pakistan ndi Nepal analetsa mankhwalawa pa ziweto mu 2006. Miimbayo inkadya muyeso woposa wa mu mtsinje, n'zoona, koma nsomba imakhala m'madzimo usana ndi usiku moyo wake wonse, ndipo kafukufuku waonetsa kuti diclofenac amaononga impso ndi makha a nsomba pa ma microgram ochepa chabe.

Ndiye tsiku lina tinapita ndi mnzanga kukatunga madzi a Jukskei cha ku Bez Valley, titavala magolovesi awiriawiri. Fungo lake sindilifotokoza pano. Ndinali ndi electrode yomwe ndinainyadira miyezi itatu, ya graphene ndi golide, yomwe m'madzi oyera a labotale inkamva diclofenac wochepa zedi. Ndinasefa madzi a mu mtsinje, kuiviika. Ulendo woyamba panaoneka chimtunda chosadziwika mutu wake. Wachiwiri, theka lake. Wachisanu, mzere wogona ngati msewu wa ku Free State. Sopo, mafuta, zoola za masamba ndi zina zomwe sindifuna kuzitchula zinali zitamata malaya anga onse okongola. Diclofenac nayenso ali ndi khalidwe loipa lomata electrode ndi zotsalira zake. Ndikuti ndiyambirenso, magetsi anathima. Ndinakhala mumdima ndi kakapu ka madzi onunkha, ndikuganiza kuti mwina uphunzitsi sunali woipa kwenikweni.

Apa ndinene maganizo anga, ngakhale anzanga ena sawakonda. Chaka chilichonse pamatuluka malipoti ochuluka zedi a electrode zatsopano zoyezera paracetamol. Aliyense amati yake ndiyo yomva kwambiri, ndipo malaya ake ali ndi dzina lalitali kuposa la mnzake. Paracetamol timamukonda chifukwa ndi wofatsa: ndi wotchipa, saopsa kumugwira, ndipo chulu chake chimamera mosavuta. Ibuprofen, yemwe amafuna mphamvu yaikulu mpaka ena amagwiritsa ntchito electrode ya diamondi wopanga, ali ndi abwenzi ochepa. Koma funsani kuti mwa zonsezi ndi zingati zomwe namwino angatulutse m'thumba la yunifolomu. Chifukwa chomwe zilili zochepa ndimachidziwa ndi manja anga. Kadontho kaja kakamauma, ufa umathawira m'mphepete, monga mkombero womwe kapu ya tiyi imasiya pa tebulo. Lero mkombero wakhuthala, mawa wapyapyala. Ndikaveka electrode khumi tsiku limodzi, ndi dzanja lomweli, zimanditulutsira misinkhu yosiyana. Ndikaisunga mwezi umodzi, yasintha. Mu lipoti munthu amaonetsa yomwe inachita bwino. Telala amene diresi limodzi mwa khumi ndilo limakwana mwini wake, ku Fordsburg sangathe sabata.

Sindikunena kuti n'zosatheka, chifukwa umboni uli m'chikwama cha mayi anga ku Chiradzulu. Ali ndi shuga, ndipo m'mawa amadzibaya chala, kudontheza magazi pa kapepala, kukalowetsa m'kamakina, nambala n'kutuluka. Kapepala kameneko ndi ma electrode osindikizidwa ngati inki, ovekedwa enzyme yomwe imagwira shuga yekha, ndipo kamakinako ndi potentiostat yaing'ono. Leland Clark ndi Champ Lyons anapereka ganizoli mu 1962. Kamakina koyamba ka timapepala ta electrode kogwiritsa ntchito kunyumba kanafika pa msika mu 1987. Zaka 25, ndipo zambiri mwa zakazo sizinathere pa kufuna chulu chachitali, koma pa kupanga timapepala mamiliyoni tofanana ndendende, topirira kutentha ndi chinyezi. Chodabwitsa n'chakuti zida zina zoyezera shuga, makamaka zomata pakhungu zakale, zinkanamizidwa ndi paracetamol yemweyu, n'kumaonetsa shuga wokwera munthu atangomwa panado. Mankhwala omwe ife timawasaka, kwa anzathu a shuga ndi mlendo wosaitanidwa.

Chithunzi chija amalume anachitumiza pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu, ndipo ndinasanduka sing'anga. Mayi wina wogwira ntchito zapakhomo ku Sandton anabwera Lamlungu lotsatira ndi kajumbo ka mapiritsi oyera opanda paketi, omwe anagula motchipa pa msewu mtauni kuti atumize kumudzi.

"Achimwene, tandiyezereni ngati ali enieni."

Nkhawa yawo si yopanda pake. Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, pa mankhwala khumi alionse amodzi amakhala achinyengo kapena osafika muyeso. Ndipo apa ndi pomwe ndimaona kuti luso lathuli lingathandize msanga kuposa ku mtsinje: woyendera wa PMRA kwathu kapena wa SAHPRA kuno, mabungwe a boma oyang'anira mankhwala, atakhala ndi kabokosi kolumikiza ku foni, akhoza kupera mbulu pa chipata cha Mwanza kapena Beitbridge n'kudziwa pomwepo ngati muli mamiligalamu 500 kapena choko, okayikitsa okhawo n'kuwatumiza ku makina aakulu. Electrode ikhozanso kuona p-aminophenol, poizoni wa impso yemwe amabadwa paracetamol akasungidwa potentha ndi ponyowa, chifukwa chulu chake chimamera patali pang'ono ndi cha kholo lake.

Koma mayi aja ndinawakanira. Electrode imayankha funso lomwe waifunsa, basi. Ndikanawauza kuti paracetamol alimo, iwo akanamva kuti mapiritsiwo ndi abwino, pomwe ine za china chilichonse chomwe chili mmenemo sindinafunse. Ku Nigeria mu 1990 ana oposa 100 anafa atamwa paracetamol wamadzi. Chomwe chinawapha sichinali kusowa kwa mankhwala, koma diethylene glycol, madzi a poizoni omwe analowa m'malo mwa osungunulira oyenera. Poizoni yemweyo anapha ana pafupifupi 70 ku Gambia mu 2022 kudzera m'mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine. Botolo lotero, pa electrode yanga ya paracetamol, likhoza kumeretsa chulu chokongola bwino. Ndinawauza kuti kajumboko akakasiye ku pharmacy kuti akakataye moyenera, asakathire m'chimbudzi, ndipo agule a m'paketi. Anandiyang'ana ngati ndawamana dala.

Mwezi watha ndinawapeza amalume akulongedza katundu wopita kumudzi. Chikwama chachikulu cha mizeremizere chinali pakati pa chipinda: mabulangete awiri, mafuta ophikira, sopo, nsapato za ana a sukulu. Pamwamba panali bokosi la ufa uja ndi mapaketi a panado, za agogo aakazi, omwe amakhulupirira kuti mankhwala a ku Joni ndi amphamvu kuposa a pa golosale ya kwathu. Ndinatsegula pakamwa, iwo anakweza dzanja.

"Ndadziwa. Tenga cholembera icho."

Chinali cholembera chakuda chomwe amalembera dzina ndi nambala ya foni pa chikwama. Anandiuza zolemba, ine ndinkangotsatira. Pa bokosi la ufa: MUKAMWA UWU, OSAMWANSO PANADO. Pa panado: MUKAMWA AWA, OSAMWANSO UFA. Anabwerera m'mbuyo, kuwerenga, n'kupukusa mutu.

"Amayi sawerenga. Amene adzawawerengere ndi kamtsikana ka mlongo wako, ndipo kameneko kamathamanga. Onjezera pansipo kuti ndi munthu mmodzi."

Ndinaonjezera. Anakulunga mabokosiwo m'bulangete, kukoka zipi, n'kuyamba kuzunguliza selotepi. Woyendetsa katundu anali ataimba kale kawiri kuti ali pa Park Station ndipo sadikira munthu.